Mapazi Anga pa Msana wa Alamu

Mapazi anga ndi aang'ono ngati a mkazi, ndipo kwa zaka zingapo ndiwo anandipatsa dzina ku Joni. Pafamu ya malalanje pamene ndinkagwira ntchito, anthu ambiri sankalidziwa dzina langa la ubatizo. Ankangoti, "Kaitaneni wopondaponda uja." Ndimavomereza kuti dzinalo linkandikomera.

Ntchito yothyola malalanje imadya msana. Chikwama chimakhala pakhosi tsiku lonse, ukwere makwerero, utsike, ukakhuthule, ubwerenso. Pofika nthawi yoweruka, msana umakhala gwa ngati thabwa. Ndiye dzuwa likapendeka, amuna ankayala masaka panja pa nyumba zathu za pakomboni n'kugona chafufumimba, pansi pa waya woyanikira zovala. Ine ndinkavula majombo, n'kutsuka mapazi, n'kugwira wayayo ndi manja awiri, kenaka n'kuyamba kuyenda pamisana yawo kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno. Mafupa ankalira kuti kho, kho, munthu n'kuusa moyo ngati watula katundu. Lusoli ndinalitenga kwathu, kumudzi wina kuseri kwa Nsadzo. Bambo akachokera kumunda ankatiitana anafe kuti tiwaponde. Anzanga anakula n'kulemera, anasiya. Ine sindinakule kwenikweni, ndiye ndinapitiriza.

Ku Joniko sindinapite ndekha. Ndinapita ndi alamu anga a Bonifasiyo, amuna a mlongo wanga wamng'ono Selestina. Anali munthu wamtali, woti malalanje ena ankathyola ataima pansi ife tikuvutika ndi makwerero. Analinso ndi mawu a besi amene kwaya ya kuparishi inawalira titachoka. Ine ndi iwo sitinkatha tsiku osanyozana. Ankati mlongo wanga anamukwatira pomvera chisoni banja la anthu aafupi, ine n'kumati tinawalandira chifukwa tinkasowa mtengo wogwetsera mango.

Tsiku lonyamuka, Selestina anatiperekeza mpaka pamsewu waukulu wochokera ku Cassacatiza, pamene tinkadikira lole yopita ku Tete. Anali ndi pakati pa mwana wake wachitatu. Chaka chimenecho bambo wina wa mudzi woyandikana nawo anali atabwerako ku Joni atanyamulidwa pamachira, ndipo nkhaniyo inali isanazizire. Lole itaoneka, Selestina anandikokera pambali.

"Achimwene, ine za wailesi kaya malata sindikuzifuna," anatero. "Munthuyu mukupita naye akuyenda ndi miyendo yake. Mudzabwere nayenso akuyenda."

Ndinaseka. "Munthu wamtali chonchi angamunyamule ndani? Afune asafune, adzayenda yekha."

Iye sanaseke. Anamangitsa kapulana yake, nsalu ya m'chiuno, n'kutembenuka lole isananyamuke n'komwe.

Ndikakhala pansi masiku ano, zimene zimabwera msanga m'mutu ndi zabwino. Fungo la maluwa a malalanje m'mamawa, loti mpaka zovala zinkanunkhira. Mitengo ili ndandanda mpaka pomwe maso alekezera. Malalanje tinkadya mpaka mano kuchita dzanzi, ndipo mpaka lero mwana akandipatsa lalanje ndimangolinunkhiza n'kumubwezera. A Chinyanja tinalipo asanu ndi awiri, ndipo wamkulu wathu anali a Zuze, bambo wa mpingo wa Ziyoni ochokera ku Macanga. Iwowa anabwera ndi nthangala za maungu m'thumba la jekete, n'kudzala kuseri kwa bafa. Lamulungu tinkadya nkhwani wotendera, anzathu a Chishangana n'kumatiseka kuti tawoloka mayiko awiri kudzadya masamba. Tikakhuta, a Bonifasiyo ankayambitsa nyimbo za kutchalitchi, a Zuze n'kumaomba chigubu cha madzi, Akatolika ndi a Ziyoni osasiyananso. Kangachepe kamene tinkapeza tinkatumiza kwathu, ndipo malata amene Selestina ankati sakuwafuna aja anakhomedwa ndithu.

Chinthu chimodzi chokha chinkatilanda mtendere. Mapasipoti athu anadindidwa masiku owerengeka, ife n'kukhala zaka. Galimoto yachilendo ikangotulukira pachipata, mitima inkakhala m'mwamba. Chifukwa cha zimenezi, kutauni tinkakuopa, ndipo chipatala tinkachiona ngati khomo lakumbuyo la polisi.

Msana wa alamu unayamba m'nyengo yathu yachitatu yokolola. Poyamba sizinadabwitse munthu, pakuti ndani analibe msana pafamu paja? Ankagona pasaka ngati ena onse, ine n'kukwera.

"Tsikani pang'ono, alamu. Pamenepo, pamenepo," ankatero. "Mulungu anakumanani msinkhu koma anakupatsani mapazi."

Ankadzuka akuti apezako bwino, koma mawa lake ululu unali pomwepo, pakati penipeni pa msana. Wa ena unkayendayenda, lero m'mapewa, mawa m'chiuno. Wawo sunkasuntha. Kenaka lamba anayamba kukula, mpaka anaboola bowo lina ndi msomali. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kukankhira mbale kwa ine. Inali miyezi yozizira, yoti m'mawa udzu unkayera, koma bulangete lawo linkacha lili chinyezi ndi thukuta. Tsiku lina a Zuze analiyang'ana lili pawaya n'kupukusa mutu.

"Kuonda uku ndi thukuta ili, ine ndinaziona kumigodi," anatero. "Kodi si TB imeneyi?"

"A Zuze, mwawamvapo akutsokomola?" ndinafunsa. "Munthu wa TB sabisika. Awa amaimba besi Lamulungu lililonse. Ndi msana chabe uwu, usiyireni ine."

Onse anagwirizana nane, poti pa nkhani ya misana ine ndiye ndinali dokotala. Tinapangana zowabisa kwa foromani. Tinkawaika kumitengo yaifupi, pakati pa mzere wathu, ndipo aliyense akadutsa ankakhuthulirako malalanje m'chikwama chawo. Foromani sanaone kanthu kwa miyezi. Ife tinkati kumeneko ndiye kukondana, ndipo ndikaganiza bwino kunalidi kukondana, kungoti kunali kopanda maso.

Tsiku lina ndikuwaponda, chidendene changa chinakumana ndi chinthu chimene sichinalipo kale. Ndinatsika n'kukweza malaya awo. Pakati pa msana panali potumphuka, polimba, ngati mfundo ya pamtengo. Ndinapakhudza ndi chala iwo n'kunjenjemera.

"Ndaupeza tsopano," ndinawauza monyadira. "Fupa lachoka m'malo mwake. Likangobwerera, mwachira."

Ndinakweranso, n'kuika chidendene pamfundo paja, n'kusiya waya kuti thupi langa lonse litsikire pamenepo. Sananene kuti pamenepo, pamenepo. Analuma saka. Nditatsika anakhala nthawi yaitali osatembenuka, ndipo atadzuka maso anali ofiira, koma anayesetsa kuseka, amvekere, "Mwanenepa liti, alamu?" Ndinachita zimenezi masiku asanu ndi atatu otsatizana. Ndimawakumbukira onse, chifukwa ndakhala ndikuwabwereza m'mutu kuyambira nthawi imeneyo.

Kenaka anayamba kudandaula kuti miyendo ikuchita dzanzi. Tsiku lina jombo inawavuka m'munda, iwo n'kupitiriza kuyenda osadziwa. Patangopita masiku ochepa, m'mawa belu la ntchito litalira, anakhala pabedi, n'kugwira khoma, n'kuyesa kuima. Miyendo inangopindika ngati chingwe.

Madzulo a dzulo lake Selestina anali ataimba foni, ine n'kumunamiza kuti amuna ake apita kukasamba. Tsopano mawu ake a pamsewu aja anandibwerera onse. Ndinati tipite kuchipatala. A Zuze anati tiyambe tapemphera masiku atatu. Alamu eni akewo anakana kwamtuwagalu.

"Mukandipereka kuchipatala mwandipereka kupolisi," anatero. "Ndipo akadzafunsa kumene ndimakhala, nonsenu mwapita. Ndisiyeni ndigone, mundipondenso madzulo."

Mawu omalizawo ndi amene ananditulutsa m'nyumba. Ndinathamanga mpaka kwa foromani n'kuulula zonse. Anatikalipira m'zilankhulo zitatu, kuti ndife zitsiru zobisa munthu mpaka kufa miyendo, koma akukalipa choncho anali akuyala matiresi kumbuyo kwa galimoto yake.

Kuchipatala palibe anaitana polisi. Anafunsa dzina, zaka, ndi funso limodzi limene linabwerezedwa ndi aliyense amene tinakumana naye: zayamba liti? Nditati miyezi isanu, namwino wina wachikulire, amene ankalankhula nafe Chishangana pang'onopang'ono kuti timve, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Dokotala anagogoda mawondo a alamu ndi kanyundo, n'kumawabaya ndi kasingano kuchokera kuphazi kukwera m'mwamba, akufunsa pamene ayambe kumva. Anayamba kumva cha pamchombo. Anawajambula msana, anawatenga magazi, ndipo tsiku lomwelo anawatumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko anawalowetsa m'makina onga mpope waukulu, ogunda ngati chigayo, amene amaona mpaka zam'kati mwa fupa. Kenaka anawalowetsa singano yaitali pambali pa msana n'kukoka mafinya kuti akawayeze.

Zotsatira zitabwera, dokotala wa mafupa anandiitana pamodzi ndi mayi wina wotanthauzira. Anandionetsa chithunzi. Mafupa a msana anali osanjikizana bwinobwino ngati njerwa, koma pakati, awiri anali atadyeka n'kugwerana, ndipo pambali pake panali chithumba cha mafinya. Anati kachilombo ka TB sikakhala m'mapapo mokha. Kamatha kuyenda ndi magazi n'kukamanga m'fupa, m'bondo, m'chiuno kapena mumsana, n'kumadya mwakachetechete munthu osatsokomola ngakhale kamodzi. Mafinyawo ndi mafupa ogwawo ndiwo ankapana mtsempha waukulu umene umapita kumiyendo.

"Adzayendanso?" ndinafunsa.

Anati sangalonjeze. Ena amayenda, ena ayi, ndipo zimadalira kuti mtsemphawo wapanidwa nthawi yaitali bwanji.

Kenaka ndinafunsa ngati mapazi anga ndiwo anachititsa zimenezi. Ndinafotokoza za masaka, za waya, za chidendene changa ndi masiku asanu ndi atatu aja. Wotanthauzira uja anayamba wandiyang'ana kumapazi asanapereke mawu anga.

"Matendawa sanachokere kumapazi anu," anatero dokotala. "Akanagwa ndithu mafupawa, mochedwerapo mwina. Koma munkaima pamtanda wodyedwa ndi chiswe. Msana wopweteka malo amodzi kwa milungu, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta, si wouponda. Ndi wobwera nawo kuno."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira ngati foromani.

Anawachita opaleshoni yochotsa mafinya ndi kumasula mtsempha uja, n'kuwayambitsa mankhwala a m'mawa uliwonse, amene anati adzamwa pafupifupi chaka. Mkodzo unasanduka wofiirira, iwo n'kumati malalanje onse amene anaba pafamu akutuluka tsopano. Anawaveka chigoba cholimba kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Nditawaona nacho koyamba ndinati mlongo wanga anakwatiwa ndi kamba, ndipo anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Za chidendene sanazitchule, inenso sindinazitchule.

Selestina ndinamuuza za matendawo pafoni, koma za mapazi anga ndinabisa. Anamvetsera osandidula.

"Akuyenda?" anafunsa.

"Pakali pano ayi."

"Ndiye musafulumire kubwera, achimwene. Ine ndidikira."

Ndinapitiriza ntchito pafamu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkakwera minibasi ziwiri kupita mumzinda. Mantha a polisi anali atandithera. A Zuze ankandipatsira nkhwani m'kabakuli, n'kumati mapemphero awo a masiku atatu aja asanduka a tsiku ndi tsiku. Mtsikana wophunzitsa odwala kuyenda anandionetsa mmene ndingapindire mawondo a alamu ndi kuwasisita akatumba kuti asaume. Anati ndi manja okha, ndipo pamsana ndisayandikirepo. Ndiye ine, katswiri wa mapazi, ndinkakhala kumiyendo kwa bedi nditagwira mapazi a munthu wina, aatali, ozizira, olemera ngati si a munthu wamoyo. Pomaliza ndinkatsina chala chachikulu n'kufunsa ngati amva. Kwa milungu yambiri yankho linali lomwelo.

Lamulungu lina, mvula yoyamba itagwa, ndinawapeza akumwetulira mwachinyengo.

"Alamu, tavundukulani bulangete, mupereke moni kwa mlendo," anatero.

Ndinavundukula. Chala chachikulu cha kumanja chinagwedera kamodzi, pang'ono zedi, ngati mutu wa buluzi. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, odwala ena n'kumandiseka.

Kuchokera pa chala kufika pa kuyenda unali ulendo wautali kuposa wa ku Tete. Anayamba kuima atagwira zitsulo ziwiri, thukuta lili kamukamu. Kenaka ndodo ziwiri, kenaka imodzi. Mfundo ya pamsana ija sinachoke, ndipo dokotala anati sidzachoka. Munthu amene ankathyola malalanje ataima pansi uja anali atafupika, moti tikaima pamodzi ndinkawafika m'khutu. Powatulutsa m'chipatala anatipatsa mankhwala a panjira ndi kalata yokapereka kuchipatala cha kwathu ku Chifunde, n'kutichenjeza kuti akadzangosiya kumwa poona kuti apeza bwino, kachilombo kadzadzuka kolusa kuposa kale.

Anzathu anatiperekeza mpaka pachipata cha famu. A Zuze anandipatsa nthangala za maungu aja, akuti zibwerere kwawo. Sindinawaonenso bambo aja, ndipo ndimawasowa.

Tinayenda masiku atatu, alamu atatsamira zovala zathu zonse. Titawoloka Zambezi pa Tete anayamba kung'ung'udza nyimbo, koyamba chichokereni m'chipatala. Shapa, minibasi ya kwathu, inatitsitsa pamalo pomwe paja tinakwerera lole. Ndinabwereka njinga kwa mnzanga wogulitsa pamsewupo, n'kuwakhazika pakaliyala, ine n'kumakankha. Titafika pakamtsinje kouma kamene kali kumunsi kwa mudzi wathu, anandigwira phewa.

"Imani, alamu. Nditsike."

"Patsala mtunda, ndipo ndi chitunda," ndinatero. "Ndikakutsitsani pamtengo wa mango wa pakhomo panu."

"Mukuganiza kuti sindinamve zimene anakuuzani pamsewu paja? Ndili ndi makutu aatali ngati miyendo. Nditsitseni pano."

Mtunda umene mwana amathamanga osapuma, iwo anauyenda nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba zouma n'kupsa. Ndodo patsogolo, mwendo wamanja, kenaka wamanzere ukukwekwereza pang'ono. Anapuma kanayi. Ine ndinali pambuyo ndi njinga, manja akundiyabwa kufuna kuwagwira. Anthu anatuluka m'nyumba, koma palibe anathamangira kudzatichingamira, chifukwa Selestina anali ataima pakhomo pake atatambasula dzanja kuwaletsa. Anali ataonda, ndipo kumutu kunali imvi zimene sindinazisiye. Kamtsikana kamene kanali m'mimba tikuchoka kanabisala kuseri kwa kapulana yake, kakuyang'ana bambo wopindika amene sikankamudziwa.

Alamu atafika pakhonde, Selestina anawalandira ndodo n'kuwakhazika pampando. Anazungulira kumbuyo kwawo, n'kuika dzanja pamfundo ija, n'kulisiya pomwepo.

Ndinali nditakonza zodzanena patapita masiku, koma zinatuluka nthawi yomweyo, ndisanamwe ndi madzi omwe. Ndinamuuza kuti ine ndi amene ndinatsutsa a Zuze, ine ndi amene ndinawabisa miyezi isanu, ndipo pamene waika dzanjapo ine ndinaimapo ndi chidendene masiku asanu ndi atatu. Alamu anayesa kundidula, iye n'kuwaletsa. Anamva zonse mpaka kumapeto, maso ali pamapazi anga.

"Ndinati mubwere naye akuyenda," anatero pomaliza. "Za kutalika kwake sindinanenepo kanthu. Khalani pansi, achimwene, mwatopa."

Miyezi yotsalayo ndinkawatengera ku Chifunde panjinga yamoto kukalandira mankhwala, mpaka tsiku limene infirimeru, namwino wa kumeneko, anatseka khadi lawo n'kuwagwira chanza. Khasu sanaligwirenso. Amasoka nsapato ndi matayala a njinga pamsika wa Nsadzo, ndipo besi ija inabwerera kukwaya, ngakhale amaimba atakhala. Ine ku Joni sindinabwerere. Maungu a a Zuze ndimadzala chaka chilichonse kuseri kwa nyumba. Anthu amene anamva mbiri ya mapazi anga ankabwera kudzapempha kuti ndiwaponde, ine n'kumakana, mpaka anatopa n'kusiya. Chichokereni pafamu paja sindinakwerepo pamsana wa munthu.

Chaka chatha, titatha kukolola, msana wanga unagwira. Ndinapita kwa alamu ndikuyenda chopindika, iwo n'kundiseka kuti ndikuwayeserera. Kenaka analoza mphasa imene inali pansi pa mtengo wa mango.

"Gonani apo."

Ndinagona chafufumimba. Anagwada movutikira, n'kukweza malaya anga, n'kuyendetsa chala pamsana wanga fupa ndi fupa, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Anafunsa ngati ukupweteka malo amodzi, ngati lamba wakula, ngati bulangete limacha lonyowa. Ndinati ayi, wayamba dzana ndi matumba a chimanga.

"Ndiye uwu ndi wa ntchito," anatero. "Musagwedezeke."

Ndinamva akuvula nsapato. Anagwira nthambi ya mango ndi dzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo, n'kuika phazi lamanja pakati pa mapewa anga, kenaka lamanzere lokwekwereza lija. Mapazi amene ndinkawagwira ali ozizira aja anali ofunda. Anayenda pang'onopang'ono kutsikira m'chiuno, ndipo msana unalira kuti kho.

"Pamenepo?" anafunsa.

Munthu wamtali uja anali wopepuka ngati mwana, ndipo ndinalira nkhope ili pamphasa. Iwo anatsika msangamsanga, akuyesa kuti andipweteka.